Matenda Anga Anayamba Kuoneka pa Bolodi la Tchesi

Chizindikiro choyamba ndinachimva Lolemba, sabata yachiwiri ya mwezi wa Juni, ndili kudimba ndi mayi anga tikukumba kachewere. Zala zakumapazi zinachita dzanzi, ndipo nsonga za zala zakumanja zinkanyerenyetsa ngati mukuyenda tinyerere. Sindinadabwe nazo. Aliyense wa kwathu kuno kufupi ndi Kasina amamudziwa Juni: m'mawa nkhungu imakuta dambo lonse, mpini wa khasu umazizira ngati chitsulo, ndipo zala zimauma mpaka dzuwa litakwera. Ndinangoziuzira mpweya n'kupitiriza ntchito. Masabata awiri m'mbuyomo ndinali nditatsegula m'mimba kwa masiku atatu, n'kusiya pakokha. Zimenezo ndinali nditaiwala kale.

Dzina langa ndine Matiyasi. Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 19, nditamaliza Folomu 4 pa sekondale yoyendera ya m'dera lathu. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo mlongo wanga wamkulu anakwatiwa ku Lilongwe, choncho manja ogwira ntchito pakhomo anali a mayi ndi anga basi. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse chimene ndinkaopa m'miyezi yonse imene ndikufotokozayi. Sindinkaopa kwenikweni kufa. Ndinkaopa kubwerera kumudzi ndi manja osagwira kanthu, mayi n'kumalima okha, kenako n'kumadzandidyetsa.

Koma ndiyambe ndafotokoza za tchesi, chifukwa popanda iyo sindikanapita kuchipatala pa nthawi imene ndinapitayo.

Amene anatiphunzitsa tchesi ndi a Ngozo, aphunzitsi athu a masamu. Lachitatu lililonse tikaweruka ankatulutsa bolodi lawo n'kuliyala pa benchi pansi pa mikungudza, kuseri kwa kalasi ya Folomu 2. Nsanja imodzi yoyera, chidole cha pakona ya bolodi, inali itasowa kalekale, ndipo m'malo mwake ankaikapo kamtengo kokulungira ulusi. Mphepo ikawomba, timasamba ta mkungudza tinkagwera pa bolodi, a Ngozo n'kumatiuzira ndi pakamwa mosamala kuti asagwetse mfumu. Ine ndinatha temu yonse ndikungoonerera kumbuyo kwa anzanga. Ndinkachita manyazi kukhala pansi. Tsiku lina iwo anangoloza mpando wopanda munthu, ndipo popeza sindinkadziwa kukana aphunzitsi, ndinakhala. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: ukachigwira chidole, uchisunthe, ndipo ukachisiya, wachisiya. Panalibe kupempha kuti ubweze. Ankati munthu aziganiza dzanja lili pa bondo.

Muofesi ya sukulu munali kompyuta imodzi, ndipo inali ndi pulogalamu yakale ya tchesi. Mvula ikagwa tinkapanikizana mmenemo. Pulogalamu ija inali yokongola poiona koyamba. Bolodi lake linapendekeka ngati tebulo lenileni, zidole zinali zosemedwa mwaluso, zonyezimira, zokhala ndi zithunzithunzi pansi pake. Koma kusewerapo kunali kovuta. Zidole zakutsogolo zinkabisa zakumbuyo. Bishopu ndi msilikali ankafanana mitu. Kangapo ndinadyetsa chidole changa osati chifukwa choganiza molakwika, koma chifukwa sindinachione cha mnzanga. A Ngozo sankaikonda. Ankati anthu amene anaipanga ankafuna kuti tiziwayamikira iwowo m'malo moti tiziona masewera.

Chaka chimene ndinalemba mayeso, a Ngozo anapuma pa ntchito n'kubwerera kwawo ku Ntcheu. Asanachoke anatenga foni yakale imene mlongo wanga anandipatsa, n'kundiikiramo pulogalamu ina, yosewerera pa intaneti. Iyi inali yosiyana kwambiri ndi ya kuofesi ija. Bolodi linali lafulati, loonedwa kuchokera pamwamba, zidole zojambulidwa mosavuta moti sungasokoneze china ndi chinzake ngakhale pa sikirini yosweka pakona ngati yanga. M'mphepete munali zilembo ndi manambala a mabokosi. Pansi pake pankalembedwa kusuntha kulikonse kuyambira koyamba. Anandisonyeza mtundu wa masewera umene aliyense amakhala ndi masiku atatu oti asunthe kamodzi, ndipo anati tizisewera choncho. Kwathu netiweki imagwira bwino pa chulu chakuseri kwa nyumba. Tsiku lililonse ndikachoka kudimba ndinkakwera pa chulu chija, kuona chimene a Ngozo asuntha, kuganiza, kenako kukoka chidole changa ndi chala mpaka pa bokosi limene ndikufuna. Zinkandikumbutsa mikungudza ija. Anzanga a m'kalasi anali atabalalika, ena ku Chimbiya kukagulitsa tomato, ena kutauni, koma Lachitatu langa linali lidakalipo, mufoni.

Lachitatu la sabata imene dzanzi linayamba, ndinakoka bishopu kuti ndimupititse kutali, koma chala chinamusiya bokosi limodzi asanafike. Pulogalamu inatumiza pomwepo. Ndinaiimba mlandu sikirini yoswekayo. Lachisanu patapata wanga anavuka m'njira ya kudimba, ndipo ndinayenda masitepe angapo osamva kuti phazi lili pansi. Lamulungu ku Misa ndinagwada bwinobwino, koma podzuka ndinachita kugwira benchi yakutsogolo ndi manja onse awiri. Mayi anandiyang'ana. Ndinati mwendo wachita dzanzi chifukwa chogwada nthawi yaitali. Tsiku lomwelo masana nsanja yanga inagwanso isanafike pamene ndinkafuna.

Mu pulogalamuyo muli batani lopempha mnzako kuti akulole kubweza. Sindinalikhudze. Lamulo la pansi pa mikungudza linali lidakali m'mutu mwanga, komanso sindinkafuna kuti a Ngozo aganize kuti ndayamba zodandaula. M'malo olemberana uthenga ndinangolemba kuti, "Pepani aphunzitsi, sindinaganize bwino." Ndinasankha kuoneka wopusa kusiyana ndi kuvutitsa munthu. Kwa mayi ndinkachitanso chimodzimodzi. Kachewere anali atakhwima, ogula anali atalonjeza tsiku lobwera, ndipo ndinkaona kuti kunena za zala nthawi ngati imeneyo ndi ulesi. Madzulo ndinkaothera manja pamoto nthawi yaitali. Khungu linkatentha koma dzanzi silinkachoka.

Lachiwiri la sabata yotsatira ndinakwera chulu chokwawa. Ndinafuna kupititsa mfumukazi yanga m'mphepete mwa bolodi, koma inagwa bokosi limodzi isanafike, pamalo pamene msilikali wa a Ngozo akanaidya mosavuta. Ndinalembanso kuti pepani.

Lachitatu m'mawa foni inalira. A Ngozo sankaimba foni kawirikawiri.

"Matiyasi, ndabwerera m'mbuyo ndaona masewera onse," anatero. "Bishopu, nsanja, tsopano mfumukazi. Zonse zikugwa bokosi limodzi zisanafike pamene munthu wanzeru akanaziika. Ndakuphunzitsa zaka zitatu. Kulakwitsa kwa mutu wako ndimakudziwa, sikumaoneka chonchi. Dzanja lako lili bwanji?"

Ndinati ndi kuzizira chabe.

"Ku Ntcheu kuno kukuzizira chimodzimodzi, ndipo ine ndine nkhalamba. Patsa foni mayi ako."

Sindikudziwa zonse zimene anawauza. Mayi atabweza foni anandiuza kuti ndimange batani la malaya anga iwo akuona. Ndinalephera. Sanandikalipire. Anangovula mpango wakudimba n'kulowa m'nyumba kukafuna kabuku kanga ka kuchipatala.

Lachinayi m'mawa tinapita ku chipatala chaching'ono cha m'dera lathu pa njinga yamoto, ine pakati, mayi kumbuyo atandigwira. Panali patatha masiku khumi chiyambireni dzanzi. Tinadikira pa benchi mpaka cha m'ma 11 koloko. Adokotala anandiyeza malungo, osawapeza. Anandigogoda pansi pa bondo ndi kanyundo ka labala, mwendo osadumpha. Anagogodanso kangapo, mbali zonse ziwiri, kenako anandiuza kuti ndifinye zala zawo. Anafunsa ngati ndinadwalapo chilichonse m'masabata apitawo, ndipo m'pamene ndinakumbukira za kutsegula m'mimba kuja. Analemba kalata yotitumiza ku chipatala cha boma tsiku lomwelo. Kumeneko ndinagona masiku awiri. Lachisanu ndinkatha kuyenda mogwira khoma. Loweruka miyendo inakana, ndipo anatikweza ambulansi kupita ku chipatala chachikulu ku Lilongwe.

Kumeneko ananditenga magazi, ndipo Lolemba ananditenga madzi a pamsana. Ambiri amaopa zimenezi, nanenso ndinkaopa chifukwa cha zimene anthu amakamba kumudzi. Anandigoneka cham'mbali, kundipinda ngati mwana, kundibaya jekeseni wochititsa dzanzi kaye, ndipo zonse zinatha pasanathe theka la ola. Mutu unandiwawa tsiku limodzi basi. Lachitatu adokotala aakulu anabwera ndi ophunzira awo n'kutiuza dzina la matendawa, Guillain-Barré, n'kulilemba m'kabuku kanga. Anafotokoza kuti asilikali a m'thupi, atamaliza kulimbana ndi matenda a m'mimba aja, anasokonezeka n'kuyamba kuwononga mitsempha yanga yomwe. Anati kufooka kudzapitirira kukwera kwa masiku angapo, kudzaima, kenako kudzayamba kubwerera pang'onopang'ono. Choopsa chachikulu chinali chakuti kukafika pachifuwa ndingalephere kupuma. Mayi anafunsa ngati manja adzagwirenso khasu. Adokotala anati, "Ambiri amachira, mayi, koma sindingakulonjezeni lero kuti abwerera mpaka pati. Tiziona limodzi."

Moyo wa m'wodi unali ndi ndondomeko yake. M'mawa kwambiri ankakolopa, ndipo osamalira odwala onse ankatuluka panja ndi katundu wawo. Kenako anamwino ankayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa ine ankawonjezera chinthu chimodzi, m'mawa ndi masana. Namwino ankaima pafupi n'kunena kuti, "Achimwene, kokani mpweya wambiri, muwerenge mpaka uthe." Tsiku lofika ndinafika pa 31. Patatha masiku atatu ndinkathera pa 24. Kenako 19. Anatiuza kuti ndikatsika kwambiri adzandipititsa ku chipinda cha makina othandiza kupuma. Mayi sanapite patali ndi sukulu, koma manambala amenewo ankawasunga m'mutu bwino kuposa ine. Kumapeto kwa Juni ndinafika pa 15, ndipo ndinakhala pamenepo masiku asanu.

Masiku amenewo ndi amene anali ovuta kwambiri. Manja anagona pa bulangete ngati a munthu wina. Sindinkatha kugwira sipuni, kapena kuingitsa ntchentche pankhope. Mayi ankandimwetsa phala pang'onopang'ono kuti ndisatsamwe, kundisambitsa, ndi kunditembenuza maola awiri aliwonse kuti ndisatuluke zilonda, monga anamwino anawaphunzitsira. Miyendo inkawawa m'kati ngati ikukokedwa, ngakhale sinkasuntha. Mlongo wanga ankabwera masana ndi chakudya. Ndinkaganiza za kachewere amene tinamusiya m'nthaka, ndipo ndinkachita manyazi kuyang'ana manja a mayi.

Ena adzaseka, koma m'kati mwa zonsezi ndinkadandaulanso za masewera aja. A Ngozo anali atadya mfumukazi yanga. Anatumiza uthenga wakuti, "Kudwala ndi kudwala, koma ukachisiya wachisiya." Mlongo wanga atandiwerengera ndinaseka koyamba chifikireni m'chipatala. Tsopano inali nthawi yanga yosuntha, ndipo masiku atatu akatha osasuntha, pulogalamu imaweruza kuti wagonja. A Ngozo anaimba n'kunena kuti pali njira yoimitsira nthawi munthu akakhala pa vuto. Ndinawapempha kuti tisaimitse. Sindinadziwe kufotokoza chifukwa chake, koma ndinkaona ngati tikaimitsa ndiye kuti tavomereza kanthu kena.

Choncho mayi anakhala manja anga. Poyamba zinakanika. Chala chawo n'cholimba ndi khasu, ndipo akamakoka chidole chinkathawa n'kubwerera pamalo pake. Ankaopanso kuti aphwanya foni. A Ngozo anatiuza pa foni kuti tifune kachizindikiro kooneka ngati giya pakona ya sikirini. Mayi anakapeza msanga, anati n'kofanana ndi giya ya njinga. M'kati mwake munali zinthu zimene ndinali ndisanazionepo chaka chonse chimene ndinasewera. Tinasintha zitatu. Choyamba, m'malo mokoka chidole, ungochigwira kamodzi, kenako n'kugwira bokosi limene ukufuna. Chachiwiri, ukagwira chidole pazioneka timadontho pa mabokosi onse amene chingapite. Chachitatu, pulogalamu isatumize pomwepo, koma iyambe yafunsa, poonetsa chizindikiro chobiriwira chochonga ndi mtanda wofiira.

Kuyambira tsiku limenelo zinayenda. Mayi ankaimika foni pa pilo pafupi ndi nkhope yanga, ine n'kumaganiza, iwo akusenda nthochi kapena kupinda zovala. Ndikakonzeka ndinkawauza.

"Mayi, gwirani kavalo wakumanzereyo."

"Buluyu?"

"Ndi kavalo, mayi."

"Makutu akewo ndi a bulu. Ndamugwira. Taona, watulutsa timadontho."

"Gwirani kadontho kapamwamba, kakumanja."

"Ndichonge?"

"Chongani."

Kuchonga ankakukonda kwambiri. Ankati moyo wawo wonse sanachongepo kanthu, ankangoona aphunzitsi akuchonga makope a ana. Tsiku limene ndinawauza kuti agwire bishopu anabweza chala. Anati, "Ambuye Bishopu ndiwagwire pamutu ine? Iwe ukufuna ndikalape chiyani Loweruka?" Bambo wina wodwala shuga pa bedi loyandikana nalo anaseka mpaka kutsokomola. Posakhalitsa nthawi ya masana, alendo akabwera, pabedi langa pankaima anthu atatu kapena anayi kudikira kuti aone ngati a ku Ntcheu ayankha. Palibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa tchesi, koma pulogalamu inkapaka mtundu wachikasu pa bokosi limene chidole chachoka ndi limene chafika, choncho aliyense ankaona chimene chachitika. Ndimakumbukira masana amenewo ndi mtima wofewa, ngakhale ndinali ndisakutha kudzikanda pamphuno.

Panali sabata ina imene foni yanga inazima masiku awiri chifukwa malo otchajira anali ochepa ndipo tchaja yanga inafa. Ndinaganiza kuti zonse zapita. Mlongo wanga analowetsa dzina langa ndi nambala yachinsinsi pa foni yake, ndipo bolodi linatuluka momwe tinalisiyira, ndi zosintha zathu zitatu zija. M'pamene ndinamvetsa kuti masewerawo sankakhala mufoni mwanga. Ankasungidwa kwina, kudikira.

Sabata yoyamba ya Julayi itatha, ndinawerenga mpaka 17. Tsiku lotsatira 17 yomweyo, kenako 20. Namwino anati, "Mwakhota, achimwene, manambala ayamba kukwera." Adokotala anatsimikiza kuti matenda aima, ndipo ananditumizira a fiziyo, anthu ophunzitsa thupi kuyambanso kugwira ntchito. Amene ankandithandiza anali mayi wina wamfupi, wolankhula pang'ono, amene ankabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi. Poyamba ankangopinda ndi kuwongola miyendo ndi manja anga kuti mfundo zisaume, n'kuwaphunzitsa mayi kuchita chimodzimodzi. Kenako mapewa anayamba kumva, kenako zigongono. Zala ndi zimene zinachedwa. Ankandiuza kuti ndikhudzitse chala chachikulu ku chala chilichonse, kufinya sokosi yokulunga, kutola nyemba m'mbale n'kuika m'kapu. Sabata yonse sindinatole nyemba ngakhale imodzi. Ndinkamwetulira kuti asaone kuti ndakhumudwa, koma mumtima ndinali nditayamba kukonzekera moyo wopanda manja.

Lachinayi la sabata yachitatu ya Julayi a fiziyo aja anatipeza tikusewera. Anaima n'kuonerera mayi akugwira, kudikira timadontho, n'kuchonga. Anafunsa ngati bolodi lingakulitsidwe. Tinapeza kuti foni ikagonekedwa cham'mbali ndipo zolemba zapansi zikabisidwa, mabokosi amakula. Anaika pilo pamiyendo panga, foni pamwamba pake, chigongono changa pa thaulo lopinda. Kenako anati, "Amayi, lero mupume. Asuntha yekha."

Ndinkafuna kupititsa msilikali mmodzi patsogolo, bokosi limodzi lokha. Chala cholozera chinali chopindika, choncho ndinagwiritsa ntchito mfundo yake. Dzanja linatsika ngati thumba n'kugwira chidole china. Ndinayesanso. Ulendo wachitatu ndinamugwira msilikali uja, timadontho n'kuoneka, koma potsitsanso dzanja ndinagunda kadontho kolakwika. Nthawi yomweyo ndinakumbukira mfumukazi ija. Koma palibe chinatumizidwa. Pansi panangooneka chochonga ndi mtanda, kudikira. Ndinagunda mtanda, msilikali n'kubwerera. Zinachitika choncho kanayi. Palibe amene anandifulumizitsa, ndipo ku Ntcheu sikunafike kulakwitsa kwanga ngakhale kumodzi. Ulendo wachisanu msilikali anaima pamene ndinkafuna. Ndinapuma kaye, thukuta likutsika m'khosi, kenako ndinatsitsa mfundo ija pa chobiriwira. Foni inalira kaphokoso kake kakang'ono ngati mtengo wagunda pa mtengo.

Mayi anatuluka panja, ndipo anabwera patapita nthawi maso ali ofiira. A fiziyo analemba m'faelo n'kunena kuti, "Mawa kawiri. Nyemba tizionabe." Madzulo ake mayi anaimbira a Ngozo kuwauza. Iwo anati, "Muuzeni kuti kusunthako n'kofooka, akanateteza nsanja. Koma asunthenso mawa."

Kuchokera pamenepo ndinali ndi choyezera changa. Ndinkawerenga kuti ndagunda mtanda wofiira kangati ndisanachonge. Kanayi, katatu, kenako tsiku lina osaugunda n'komwe. Mfundo inasiyira nsonga ya chala. Nyemba yoyamba inalowa m'kapu kumapeto kwa Julayi, sipuni inafika pakamwa sabata yoyamba ya Ogasiti, ndipo sabata yomweyo ndinaima pakati pa zitsulo ziwiri za ku fiziyo, miyendo ikunjenjemera.

Pogona pabedi paja ndinkaganiza kawirikawiri za anthu amene anapanga pulogalamu ija. Sindidzawaona, ndipo sadziwa kuti kuli mudzi wathu. Koma wina mwa iwo anakhala pansi n'kuganiza kuti mwina padzapezeka munthu amene dzanja lake silimumvera, kapena amene sadziwa kumene kavalo amapita, kapena amene sangawerenge Chingerezi koma angazindikire giya ndi chochonga. Ndikanakhala ndi pulogalamu yonyezimira ya muofesi ija, mayi sakanatha kundisunthira, ine sindikanatha kuyesa kasanu popanda kuwononga masewera, ndipo a Ngozo sakanakhala ndi mndandanda woti abwerere m'mbuyo n'kuona chimene ine ndinkabisa. Kale ndinkaganiza kuti pulogalamu yabwino ya tchesi ndi imene imasewera mwamphamvu. Tsopano ndimayamba ndatsegula pa giya paja, kuona ngati anamuganizira munthu wofooka.

Ananditulutsa pakati pa mwezi wa Ogasiti ndili ndi choyendera chachitsulo cha miyendo inayi. Kachewere wathu anali atakumbidwa ndi a m'mphakati wathu wa kutchalitchi, ndipo sanalole kuti tiwathokoze kwambiri. Ndinkapita ku fiziyo ku chipatala cha boma kawiri pamwezi, ndipo masiku ena onse ndinkachita zimene anandiphunzitsa pakhonde, m'mawa ndi masana. Mu Okutobala ndinasiya choyendera n'kutenga ndodo. Masewera aja anatha mwezi womwewo. Ndinagonja, monga zimayembekezereka kwa munthu wopanda mfumukazi, ndipo tinayamba ena tsiku lomwelo. Ndodo ndinaisiya Khirisimasi isanafike. Khasu ndinaligwira koyamba mu Janyuwale, mizere iwiri yokha, mayi akundiyang'anira ngati ndikuba.

Lero papita chaka ndi miyezi ingapo. Ndimalima, ndimatunga madzi, ndimakwera njinga mpaka ku Chimbiya. Sindinabwerere ndendende mmene ndinalili. Dzanja lamanzere limatopa msanga, zala zakumapazi zimachitabe dzanzi kukazizira, ndipo sindithamanga bwino. Adokotala akuti zina mwa izi zingapitirire kuchepa, zina mwina zidzatsala. Ndimapita kukaonedwa miyezi itatu iliyonse ndipo sindidumphitsa.

Kwa amene mukuwerenga muli pabedi, kapena mukusamalira wodwala matenda ngati amenewa, ndinganene kuti kuchira kwake n'kochedwa moti tsiku ndi tsiku simukuona. Pezani kanthu kakang'ono koti muziyezera, kaya ndi nyemba, kaya ndi batani la malaya, kaya ndi masewera a pafoni. Musakane kutengedwa madzi a pamsana chifukwa cha mantha a zokamba za anthu. Mverani a fiziyo ngakhale zimene akukuuzani zikuoneka ngati zachibwana.

Kwa amene muli kunyumba, makamaka anzanga amene timaopa kuvutitsa akuluakulu, pempho langa ndi ili. Dzanzi limene likuyamba mbali zonse ziwiri, kumapazi ndi kumanja, losachoka ngakhale mwaothera moto, limene likukwera tsiku ndi tsiku mpaka miyendo kuyamba kulemera, si kuzizira ndipo si kutopa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene zonse, ngakhale matenda aang'ono amene munadwala masabata apitawo. Ine ndinataya masiku khumi chifukwa chofuna kuoneka mwana wabwino. Adokotala anandiuza mosabisa kuti kufooka kuja kukanafika pachifuwa ndili kumudzi, njinga yamoto sikanandifikitsa. Kunena kuti mukudwala si kudandaula, ndipo amene mukuopa kuwavutitsawo ndi amene adzavutike kwambiri mukachedwa.

A fiziyo aja ndi amene anandipempha kuti ndilembe nkhaniyi, kuti aziwerengera odwala atsopano ndi owasamalira. Anati ndikhoza kungolankhula, wina n'kundilembera. Ndinawathokoza, koma ndinagula kope ndi bolopeni. Zanditengera masana asanu ndi limodzi, ndikupumitsa dzanja tsamba lililonse likatha. Zilembo zina zapendekeka, mundikhululukire. Zonse ndalemba ndekha.